Mphini pa Bondo la Chifundo

Mbiri ya mfumu yomaliza ya ku Russia ine ndinaiphunzira nditaima pa sinki, ndikutsuka mbale. Mwana wanga Thandi ankakonzekera mayeso a histole, ndipo khalidwe lake ndi loti sangaloweze kanthu popanda kulalikira munthu. Bambo ake amathawa, mlongo wake Chifundo ngwamng'ono, ndiye mpingo wonse ndinali ine ndekha.

"Mum, tamverani izi. Mfumu Nikolasi inali ndi ana aakazi anayi, kenako wamwamuna mmodzi. Mwanayo anali ndi himofiliya."

Ndinasiya mbale m'madzi. Himofiliya ndi matenda amene Chifundo wanga anabadwa nawo. Magazi ake sagwirana. Mwana wina akadzicheka, timagazi timatuluka n'kuuma, koma wanga amangochucha ngati mpopi wotha labala. Nthawi zina amatulukira m'kati, bondo n'kutupa, mwana usiku wonse ali lire. Jekeseni wake amakhala m'firiji, ndipo achipatala anandiphunzitsa kumubaya ndekha.

"Ndiye anatani?" ndinafunsa.

"Anabisa. Anthu ankangoona mayi ake akulowetsa mlaliki wina wandevu m'nyumba yachifumu, dzina lake Rasiputini, osadziwa kuti akubwerera mwana wodwala. Ndiye anayamba kupeka zawo." Thandi anakweza maso kudenga, kumene kunkamveka mapazi a azakhali ake. "Sounds familiar, Mum?"

"Werenga mabuku ako, iwe."

Mwanayo sankalakwa. M'kanyumba kathu ka ku Spinney Hill, kuno kudziko la Angerezi, komwe ukayetsemula aneba amayankha, ifenso tinkabisa matenda. Alamu anga a Margret, chemwali wa mwamuna wanga Ephraim, anali atabwera kuchokera ku Dowa kudzationa. Makolo awo anamwalira Ephraim ali kamwana, ndipo anamulera ndi iwowa. Mpaka lero bambo ameneyu, imvi zili mbuu m'ndevu, akangomva "Efu!" amaimirira asanadziwe n'komwe chimene akumuitanira.

Asanapite kukawachingamira ku eyapoti anandikhazika pansi. "Mayi a Thandi, za Chifundozi tisawauze kaye achemwali. Adokotala aja anati matendawa amadzera kwa mayi. Mukuwadziwa achemwali, sanafune kuti ndikwatire ku Thyolo. Akangomva, Dowa yonse imva kuti munabweretsa magazi oipa. Ndikuteteza inu. Komanso mlendo ndi mame."

"Ukabisa matenda, maliro adzaulula," ndinatero ine. "Auzeni."

"Mukunena zoona. Ndiwauza mawa."

Limenelo ndiye vuto la mwamuna wanga. Samwa, samenya, malipiro sabisa, ana amawakonda mpaka kunyanya. Koma kwa iye wolondola ndi amene walankhula komaliza. Ndikanatha kuwauza ndekha alamuwo, inde, koma nkhani yotere mkazi sadumpha mwamuna wake n'kukaitula kwa abale ake. Ndiye ndinkadikira mawa wa Ephraim, mtima uli m'mwamba.

Madzulo ena Thandi anabweranso ndi ulaliki wake. "Nduna zake zinkadandaula kuti mfumuyo imavomereza aliyense amene walankhula nayo komaliza. Bambo ake atamwalira akuti inalira, n'kumati sinakonzeke kulamulira."

"Anali munthu woipa?"

"Kunyumba ayi. Mkazi wake ndi ana ake ankawakonda zedi. Koma asilikali ake anawombera anthu amene ankapita kukamudandaulira, kenako nkhondo, kenako njala. Anthu anatopa naye."

Ndinasuzumira pabalaza. Ephraim anali atagwada, akuvula achemwali ake nsapato chifukwa miyendo inali itatupa ndi kuzizira. Ndinamumvera chisoni, ndipo nthawi yomweyo ndinafuna kumugenda ndi chikombe.

A Margret si munthu wophonya kanthu. Sabata isanathe anali atawona madontho akuda pa miyendo ya Chifundo, amene amatuluka akangogunda mpando pang'ono. Anandipeza kukhitchini.

"Mlamu, mwanayu mumamumenya?"

"Ayi alamu, amangogwa posewera."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Tsiku lina anandiona ndikutseka chitseko cha kuchipinda ndili ndi mwanayo, potuluka iye akusisita mkono. Sanafunse. Anaphatikiza okha ziwiri ndi ziwiri n'kupeza yankho lawo.

"Mwana kugona bwinobwino, kudzuka ali ndi mabala? Awa ndi anthu akumudzi. Nsanje, mlamu. Mukuyesa ufiti umafuna viza?"

Anali mayi wa Chigwirizano, Baibulo silichoka pamtsamiro, koma m'manja mwawo ndi pachifuwa munali mphini zakalekale. Ephraim nayenso ali nazo, timizere ting'onoting'ono pachifuwa ndi kumsana. Anamutema ndi iwowa ali mwana atadwala malungo aakulu, n'kupakamo mankhwala akuda, ndipo anachira. Kwa iwo umenewo unali umboni wokwanira.

"Musadandaule," anatero akundigwira phewa. "Mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Zimene zakukanikani inu, ine ndizikonza."

Ndinkaopa zinthu ziwiri zimene kwa ine ndi chimodzi: lezala pakhungu la mwana wanga, ndi anthu a sosholo, aboma oona za ana, pakhomo panga. Chifundo akukwawa, matenda asanadziwike, madontho omwewa anatibweretsera a sosholo. Anakhala pampando wanga, akumwetulira, n'kumandifunsa ngati ndimapsa mtima msanga. Anatisiya magazi atayezedwa. Koma ndinaphunzira kuti kuno mwana akapezeka ndi bala losalongosoka, amatha kugona kwina.

Lachisanu ndinapeza pawindo la kubafa paketi ya malezala ndi kabotolo ka ufa wakuda. Malezalawo alamu anali atagula okha ku Belgrave tsiku limene anapita kukaona masitolo a nsalu. Ndinawatenga n'kuwaponya m'chikwama changa cha kuntchito, kenako ndinakokera Ephraim kuchipinda.

"Bambo a Thandi, lero. Osati mawa."

"Lero ndithu. Angomaliza kupemphera."

Atamaliza kupemphera anali otopa. Atapuma inali nthawi ya chakudya, ndipo nkhani zotere sizikambidwa pachakudya. Zengerezu adalinda kwawukwawu.

Thandi, amene ankaona zonsezi, anasankha tsiku lomwelo kundiuza mathero a mfumu ija. "Zinthu zikuvuta kulikulu, iyo inali kutali, m'sitima, njanji atatseka. Akuluakulu a asilikali anaiuza kuti itule pansi ufumu. Poyamba inati isiyira mwana wake. Kenako inafunsa dokotala ngati mwanayo adzachire, dokotala n'kuti ayi. Inazindikiranso kuti mwanayo akakhala mfumu, adzawalekanitsa. Ndiye inasaina kuti onse awiri asiya. Ine ndikuona ngati n'chinthu chokhacho chimene inasankha yokha."

"Ndiye anapulumuka?"

"No, Mum. Msuweni wake, mfumu ya kuno, sanawalandire. Patapita chaka, amene analanda boma kwawoko anawaombera onse m'chipinda chapansi. Ndi ana omwe."

Usiku umenewo chakudya sichinalowe. Anthu a dziko lina, a kalekale, koma ine ndinkangoganiza za mayi uja amene ankadziwa kuti magaziwo anachokera mwa iye.

Loweruka ndinali ndi shifiti ya m'mawa ku Oadby, kunyumba yosamalira okalamba kumene ndimagwira ntchito. Jekeseni wa Chifundo anali wa madzulo a tsiku lomwelo, kutanthauza kuti mphamvu ya wapitawo inali itatsala pang'ono kutha m'thupi. Ndinaima pakhomo nditavala kale jekete.

"Ndikabwera musanawauze, ndiwauza ine. Mwambo ukhale pambali."

"Mupeza nditawauza," anatero, ndipo nkhope yake inali yoona mtima moti ndinatsala pang'ono kukhulupirira.

Ndinadzilimbitsa mtima kuti malezala ali m'chikwama changa. M'basi ndinawakhudza kawiri. Kuntchito ndinasambitsa agogo ena n'kuwaveka malaya chotembenuza, mnzanga Jainab n'kundifunsa ngati ndili bwino. Foni ndinaiika m'thumba la yunifomu, ngakhale lamulo limakana.

Inalira tikugawa chakudya cha masana. Anali Thandi. Mwana ameneyu ndikamulankhula Chichewa amayankha mosakaniza ndi Chingerezi, koma tsiku limenelo panalibe liwu limodzi la Chingerezi.

"Amayi, bwerani. Azakhali amutema. Magazi sakusiya."

"Bambo ako ali kuti?"

"Kulibe. Ine ndangofika kuchokera ku laibulale. Amayi, ndi ambiri."

"Tenga thaulo loyera, ukanikize mwamphamvu, usamachotse kuti uone. Tulutsa jekeseni m'firiji. Ndikubwera."

Jainab sanafunse zambiri. Anauza abwana, anatenga makiyi a galimoto yake, tinanyamuka. Msewu wa London Road Loweruka masana umakhala ngati wa kumaliro, galimoto bampa kubampa. Maloboti onse anagwirizana kufiira. Ndinaimbira Ephraim, foni n'kumangoitana. Ndinatsegula chikwama, malezala anali momwemo, paketi yosatsegula. Nanga atema ndi chiyani? Ndinkapemphera ndi kutukwana nthawi imodzi, ndipo Mulungu andikhululukire, sindikudziwa chimene chinachuluka.

Ndinawapeza kubafa. Chifundo anali atakhala pansi, atatsamira khoma, milomo itayera. M'mawa umenewo anali atagwa pamasitepe, bondo n'kutupa, ndipo alamu anaona kuti pamenepo ndi pamene pali choipacho. Anatema timizere kuzungulira bondo lonse n'kutikitamo ufa wakuda uja. Chitenje chawo chinali pansi, chitanyowa chofiira. Thandi ankakanikiza thaulo, iwo atagwira mwendo.

"Sakusiya, mlamu," ankatero. "Ana ndatema ambiri ine. Timagazi timangotuluka pang'ono basi. Uyu sakusiya. Yesu wanga, sakusiya."

Ndinasakaniza mankhwala, ndinamanga mkono, ndinafunafuna mtsempha. Koyamba ndinaphonya.

"Mummy, auntie said it will make me strong," anatero Chifundo, ngati akundipepesa.

"Ndiwe wolimba kale, bambo anga. Usagwedezeke."

Kachiwiri singano inalowa. Ndikukankha mankhwala pang'onopang'ono, chitseko cha panja chinatseguka. Ephraim anakwera masitepe n'kuima pakhomo la bafa, jumbo ya nkhuku ili m'manja.

Nkhani yake ndinaimva pambuyo pake. A Margret atasowa malezala awo anamutuma kugolosale ya pakona kukagula ena. Iye anati, "Chabwino achemwali, koma tidikire mayi ake." Anagula, anapereka. Kenako anamutumanso kubutchala kukagula nkhuku, ndipo anapita, akukonza m'mutu mawu oti adzanene akabwerako. Pamzere panali anthu ambiri.

Ndinalankhula ndisanachotse maso pa singano. "Alamu, magazi a mwanayu sagwirana. Anabadwa choncho. Ndi matenda, amadzera kwa ine mayi ake. Mchimwene wanuyu akudziwa kuyambira mwanayu akukwawa."

A Margret anatembenuka pang'onopang'ono. "Efu?"

Ephraim anayang'ana nkhuku.

"Efu, ine ndinakusenza kumsana. Unandiona ngati ndani? Ukanandisiya ndiphe mwana wako ndi manja angawa?" Sanakuwe. Bwenzi bola akanakuwa.

Magazi anayamba kuchepa, koma bondo lotupa, lotemedwa, lodzaza ufa wosadziwika, si la kunyumba. Ndinanyamula mwana. Alamu anatsala atakhala pansi pomwepo, Thandi ali nawo.

M'galimoto Ephraim anayamba. "Mayi a Thandi, akafunsa tinene kuti wagwera pabotolo. Achemwali ali pa viza ya mlendo. Apolisi akalowapo..."

"Botolo lanji lodula mizere yofanana ngati ya m'kope?"

"Mukunena zoona," anatero.

Ndinatembenukira kuwindo. Mawu amenewo ndinali nditatopa nawo kuposa chilichonse.

Kuchipatala anatilowetsa msanga. Nesi amene anabwera anali Bernadette, wa kukiliniki ya Chifundo, amene amatidziwa bwino ndipo amamutcha mwanayu kaputeni. Anatsuka bondo mofatsa, ufa wakuda n'kumachoka, timizere n'kumaoneka bwinobwino. Adokotala anabwera, anayang'ana, ananong'onezana naye. Chifundo atamupatsa mankhwala a ululu n'kugona, Bernadette anakoka katani n'kukhala moyang'anana nafe. Kumwetulira kunali kutachoka.

"Sylvia, Ephraim, bondo lichira. Koma awa ndi mabala a lezala. Ndiyenera kudziwitsa a sosholo, ndipo ndiyenera kukufunsani. Wachita izi ndani?"

Ndinadziwa mmene zimayendera. Nkhani ikapanda kugwirizana ndi bala, mwana sabwerera kunyumba. Yankho linali pamlomo panga, lathunthu. Ephraim anandiyang'ana, maso aja opempha kuti wina alankhule kuti iye avomereze.

Ndinatseka pakamwa. Ndinaluma lilime mpaka kumva kuwawa. Ndikanalankhula, akanati "mkazi wanga akunena zoona," ndipo moyo wanga wonse sindikanadziwa kuti pakati pa chemwali wake ndi mwana wake iye mwini akanasankha ndani. Ndinkadziwa kuti ndikutchova juga ndi mwana wanga. Akanangotchula botolo ndikanamudula mawu, koma bodza likanakhala litamveka kale.

Kuseri kwa katani mwana wa eni ankalira. Ephraim anayang'ana pansi, anayang'ana Chifundo, anapukuta manja pa buluku.

"Wamutema ndi chemwali wanga," anatero m'Chingerezi. "Ndi mwambo wa kwathu. Amafuna kumuchiritsa." Anamasula mabatani a malaya n'kuonetsa mphini zake. "Nanenso ananditema ndili mwana. Za matendawa sankadziwa, chifukwa ine ndinawabisira. Mkazi wanga ankandiuza tsiku lililonse kuti ndinene, ine osanena. Iye anali kuntchito, ndipo malezala anali atawabisa. Ena ndinagula ndine."

Bernadette anagwedeza mutu pang'ono.

"Ngati pakufunika kuti wina achoke m'nyumba kuti mwanayu abwerere kwa mayi ake," anapitiriza, "ndichoka ine."

Palibe anamuuza zimenezo. Misozi inandituluka, ya mkwiyo ndi ya china chimene sindinafune kuchitchula tsiku limenelo.

Zinachitikadi choncho. Kunabwera mayi wa sosholo, kunabwera apolisi, mafunso mpaka kukhosi kuuma. Chifundo anagona m'chipatala, ine ndili pambali pake. Pomutulutsa anatiuza kuti abwerera kunyumba ndi ine, koma Ephraim ndi achemwali ake akakhale kwina mpaka kufufuza kutatha, ndipo bambo aziona mwana wake pali munthu wina. Kuti zitha liti, palibe anatilonjeza. Banja lina la kumpingo ku Belgrave linavomera kuwasunga.

Tsiku losamuka mayi wa sosholo anaima pabalaza, akudikira. A Margret anali asanalankhule ndi mchimwene wawo chichokereni Loweruka lija. Kwa ine anabwera, anagwada pansi, mayi wamkulu ngati amene uja, n'kundigwira mapazi. "Mlamu, magazi oipa kulibe. Mwana ndi wathu." Ndinawadzutsa. Anatenga chikwama chawo n'kutuluka kukaima panja.

Thandi anali pamasitepe, buku la histole lili pamiyendo, losatsegula. Ephraim anatsitsa sutikesi yake n'kugwada pafupi ndi sofa pamene Chifundo anagona, mwendo uli pamtsamiro.

"Daddy, are you going because of my blood?"

"Ayi, mwana wanga. Magazi ako alibe mlandu. Ndikupita chifukwa cha pakamwa panga. Ndinachedwa kulankhula."

Anayamba kumukonza bandeji imene sinkafunika kukonza. Panja taxi inali itafika, ndipo mawu aja anamveka kuchokera mumsewu.

"Efu!"

Ndinaona mapewa ake akudzidzimuka, monga mwa masiku onse. Koma mawondo sanachoke pansi.

"Dikirani, achemwali," anatero. "Ndikulankhula ndi mwana wanga."